Kamera yojambulira zinkhoswe ndi maukwati: ndigule iti pa zitatu izi?

Mphunzitsi wa ku Dedza:
Moni nonse akuluakulu. Ine ndine mphunzitsi wa pulayimale, ndipo kwa zaka ziwiri tsopano ndakhala ndikujambula ndi foni zochitika za kwaya yathu ya amayi ndi za kusukulu. Anthu ataona zithunzizo anayamba kundipempha kuti ndikawajambule pa zinkhoswe, koma chinkhoswe cha msuweni wanga chinandionetsa pamene foni imalekezera. Zithunzi za panja zinatuluka bwino ndithu, pamene za mu holo zinali zakuda ndi zodzaza timadontho tonga mchenga, ndipo pa perekaniperekani aliyense amene ankavina anatuluka ngati chimbuuzi. Msuweni wanga sanadandaule, koma ine zinandipweteka, chifukwa tsiku lotere silibwereranso.

Ndasonkhanitsa kangachepe ku banki m'khonde, ndipo pali makamera atatu amene ndalamazo zingafikire. Yoyamba ndi Canon EOS 2000D yatsopano, ya m'bokosi, pamodzi ndi lenzi yake ya 18-55mm. Yachiwiri ndi Nikon D7200 yogwiritsidwapo kale ntchito, imene mlamu wanga angandibweretsere kuchokera ku Johannesburg. Yachitatu ndi Sony a6000, yakalenso, imene yandikopa chifukwa cha kuchepa ndi kupepuka kwake. Sindikufuna kungouzidwa dzina la kamera, koma ndikufuna kumva zifukwa zimene inu munasankhira makamera amene muli nawo, kuti nanenso ndiziyeze ndi ntchito yanga.

Wa situdiyo ku Limbe:
Aphunzitsi, mwafunsa bwino pofunsa zifukwa. Ine ndinayamba ntchitoyi nthawi ya filimu, pamene mpukutu umodzi unkatenga zithunzi 36 zokha ndipo munthu unkadziwa kulakwitsa kwako utatsukitsa kale, choncho ndiloleni ndiyambe ndi chinthu chimene ogulitsa amakonda kutchula, chomwe ndi mamegapikiseli, kapena kuti mamiliyoni a timadontho topanga chithunzi. Makamera atatu amene mwatchulawo onse ali ndi mamegapikiseli pafupifupi 24, kutanthauza chithunzi cha timadontho 6000 m'litali ndi 4000 m'lifupi. Chithunzi chosindikizidwa bwino pa pepala la A4 chimafuna mamegapikiseli osakwana 9, ndipo kachithunzi ka mu alubamu ka mainchesi 6 kwa 4 kamafuna ongopitirira pang'ono 2. Nambala imeneyo, tsono, ichotseni m'maganizo, chifukwa siikusiyanitsa chilichonse pa zitatuzo.

Vuto limene munakumana nalo mu holo ndi la kuwala, ndipo kuwala kumalowera pa lenzi. Lenzi ya 18-55mm imene imabwera m'bokosi imatseguka mpaka f/3.5 ikakhala pa 18mm, koma mukakoka munthu kuti aoneke pafupi pa 55mm imangofika pa f/5.6 (nambala ya f ikamakula, lenzi imatseguka pang'ono). Lenzi yosakoka ya f/1.8 imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi kakhumi kuposa f/5.6. Kusiyana kumeneko ndi kumene kumachititsa kuti shata, kachitseko kolowetsa kuwala m'kamera, itsekeke msanga, mayi amene akuvina ndi ndalama m'manja aime chilili pa chithunzi m'malo mosanduka chimbuuzi. Pa chifukwa ichi, langizo langa ndi loti musathere ndalama zonse pa thupi la kamera. Siyaniko ya lenzi imodzi yowala ndi ya fulashi.

Pa Nikon yotere ndingakulozereni ku 35mm f/1.8G DX. Pa Canon anthu ambiri amathamangira ku 50mm f/1.8 STM, imene ndi yabwino ndi yotsika mtengo, koma dziwani kuti sensa ya makamera amenewa, kachipangizo kolandira kuwala m'malo mwa filimu, ndi yaing'ono kuposa filimu yathu yakale ya 36mm kwa 24mm, moti 50mm pa Canon imaona ngati 80mm. Pojambula nkhope ya mkwatibwi imeneyo ndi nkhani yabwino, koma pojambula ankhoswe a mbali zonse ziwiri m'chipinda chochezera mudzagunda khoma ndi msana anthu asanakwane onse.

Mayi wojambula maukwati ku Lilongwe:
Zimene anena bambo a ku Limbe ndi zoona, koma ine ndikufuna kulankhula za chinthu chimodzi chimene chinandisankhira kamera, chomwe ndi malo olowetsa makhadi. Chaka changa chachiwiri pa ntchitoyi ndinajambula ukwati wathunthu pa khadi limodzi limene ndinagula motchipa pa msika, lolembedwa dzina lodziwika koma lili lachinyengo. Nditafika kunyumba usiku, kompyuta inaonetsa zithunzi za mmawa zokha, za mkwatibwi akuvala. Za mu tchalitchi, za kusainirana, za makolo akupereka malangizo, zonse zinapita. Ndinabweza ndalama zonse, koma ndalama sizinali nkhani. Mayi ake a mkwatiyo anamwalira patapita miyezi yochepa, ndipo banjalo lilibe chithunzi chawo cha tsiku limenelo. Mpaka lero ndikakumana nawo mtima wanga umalemera.

Kuchokera tsikulo sindijambula mwambo wa munthu ndi kamera ya khadi limodzi. Pa makamera atatu anuwo, achemwali, D7200 yokha ndiyo ili ndi malo a makhadi awiri a SD, ndipo mungaiuze kuti chithunzi chilichonse izichilemba pa onse awiri nthawi imodzi. Canon 2000D ili ndi malo amodzi, Sony a6000 amodzinso. Ngakhale D7500, imene inabwera pambuyo pa D7200, inabwerera ku khadi limodzi, choncho musaganize kuti nambala yaikulu ndiye kuti zonse zawonjezeka.

Palinso zina zimene mudzazithokoza ntchito ikachuluka. D7200 ili ndi timalo 51 togwirira fokasi pamene 2000D ili ndi 9 tokha, ndipo mu holo ya mdima anthu akuyendayenda kusiyana kumeneko kumamveka m'manja. Ili ndi timawilo tiwiri, kena ka shata, kena ka kutseguka kwa lenzi, moti mumasintha osachotsa diso pa kamera pamene akwati akutuluka mu tchalitchi kulowa pa dzuwa la masana. Thupi lake analimata kuti fumbi ndi timadontho ta mvula zisalowe msanga. Ndi yolemera, inde, yoposa magalamu 700 popanda lenzi, ndipo phewa limamva ikafika madzulo, koma ine ndinasankha kumva phewa kusiyana ndi kukagwadanso pakhomo pa anthu ndi uthenga woti zithunzi zawo zatayika.

Wa mavidiyo ku Mzuzu:
Ndikupempha kusiyana pang'ono ndi akuluakulu anga. Nonse mukulankhula ngati kuti anthu masiku ano amafuna zithunzi zokha, pamene kuno kwathu munthu akabwera kudzakambirana za ukwati funso lake lachiwiri limakhala la kanema woti aike pa WhatsApp ndi pa Facebook. D7200 ndi kamera yabwino ya zithunzi, koma pa kanema fokasi yake imasakasaka, kupita kutsogolo ndi kubwerera, ndipo sikirini yake siitembenuka. Imadulanso kanema ikafika pa mphindi 29 ndi masekondi 59, monga amachitira makamera ambiri a galasi m'kati (okhala ndi kagalasi kotumiza chithunzi ku kabowo koyang'anira, monga D7200 ndi 2000D), ndipo ulaliki wa pa ukwati sudikira kuti wojambula adinenso batani.

Canon 2000D nayo sindingaivomereze pa kanema, chifukwa ilibe polowetsa maikolofoni, ndipo kanema wa kwaya wopanda mawu omveka bwino ndi ntchito yotayika. Sony a6000 ilibenso kabowo kamene timalowetsapo maikolofoni wamba. Ndikanakhala inu, aphunzitsi, ndikanapirira miyezi ina ingapo ndi kufunafuna Sony a6400, imene inatuluka mu 2019, imene imatsatira diso la munthu payokha, imajambula kanema wooneka bwino kwambiri wa 4K, ndipo ilibe malire a mphindi 30 aja. Ngati mtima uli pa makamera a galasi, Canon 80D ili ndi fokasi yosalala pa kanema, sikirini yotembenuka, ndi polowetsa maikolofoni ndi mahedifoni.

Ganiziraninso za kutsogolo. Kuyambira 2018 Canon ndi Nikon anatembenukira ku makamera opanda galasi, a RF ndi a Z, ndipo malenzi atsopano akutulukira kumeneko. Munthu amene akuyamba lero ayenera kudziwa kuti akulowa m'nyumba imene eni ake ayamba kusamukamo.

Mphunzitsi wa ku Dedza:
Zikomo achimwene a ku Mzuzu. Ndinayenera kunena poyamba kuti kanema si ntchito yanga pakali pano. Kuno kuli mnyamata wina amene amajambula mavidiyo, ndipo pa miyambo yambiri timapezeka limodzi, iye ndi kanema, ine ndi zithunzi. Timavidiyo tifupitifupi ta kwaya ndipitiriza kujambula ndi foni. Chimene chandigwira mtima ndi mawu anu omaliza. Kodi ndikagula kamera ya galasi lero, sindidzasowa malenzi ndi mabatire zaka zitatu zikubwerazi?

Wa situdiyo ku Limbe:
Simudzasowa, aphunzitsi. Nikon inayamba kupanga malenzi a F mu 1959, ndipo Canon inayamba a EF mu 1987. Malenzi amenewa ali mbwee padziko lonse, ndipo pamene anzathu a kunja akusamukira ku makamera atsopano ndi pamene akugulitsa akalewo motsika mtengo. Kusamuka kumene achimwene akunenako kwa ife ndi mwayi. Tsiku limene mudzafune kamera yopanda galasi, pali kachipangizo kolumikizira, ka FTZ ku Nikon ndi ka EF-EOS R ku Canon, moti malenzi ambiri amene mwagula amapita nanu. D7200 ili ndi mwayi winanso, woti m'thupi mwake muli kamota koyendetsa fokasi ya malenzi akale monga 50mm f/1.8D, amene pa D3500 ndi D5600 mumachita kupotokola ndi dzanja. Malenzi a mtundu umenewo okha ndi amene sadzayenda okha pa FTZ, choncho muwagule mukudziwa.

Wojambula ku Zomba:
Ine ndiyankhulirako Canon yatsopanoyo, popeza palibe amene waiyankhulira. Ndinayamba ndi kamera ya mtundu womwewo, ndipo inandilipirira sukulu ya ana zaka zitatu. Chifukwa changa choyamba chinali chakuti inali yatsopano ndi chikalata cha chitsimikizo, ndipo munthu amene wakongola ku banki m'khonde sangakwanitse kugula kamera kawiri. Yakale simudziwa kumene yadutsa, kaya inagwapo, kaya inanyowapo. Chifukwa chachiwiri chinali anzanga. Onse amene ndimagwira nawo ntchito kuno ali ndi Canon, moti batire likandithera kapena ndikafuna lenzi yokoka patali tsiku la mpira ku sukulu, ndimangoimba foni. Kamera imene palibe mnzako ali nayo m'boma lonse imakusiya wekha tsiku la vuto. Choncho musanamve za ife, funsani ojambula a ku Dedza komweko kuti agwira chiyani.

Komabe ndikhale woona mtima pa chinthu chimodzi. Makamera ena a 2000D anatuluka opanda kachitsulo kapakati pamalo pokhazika fulashi, ndipo mafulashi ambiri otsika mtengo a makampani ena sawala pa kamera yotero. Ngati mungasankhe imeneyi, yang'anani pamwamba pake ndi maso anu, ndipo yesani fulashi imene mukufuna kugula musanapereke ndalama. Batire lake nalonso ndi laling'ono, la zithunzi pafupifupi 500, choncho lachiwiri ndi lofunika tsiku lomwelo.

M'bale wa ku Johannesburg:
Nkhawa ya bambo a ku Zomba ndi yomveka, ndipo popeza ndili kuno kumene kamerayo ikuchokera, ndiloleni ndinene zimene alamu anu ayenera kuchita asanalipire. Choyamba ndi kuwerenga kuti shata yatsekeka kangati. Nikon imalemba nambala imeneyi m'kati mwa chithunzi chilichonse, moti alamu anu angojambula chithunzi chimodzi ndi kuchiika pa tsamba la pa intaneti lowerengera shata, nambalayo ituluka. Shata ya D7200 anaiyesa kufika pa 150,000. Kamera imene ili pa 30,000 kapena 40,000 idakali ndi moyo wautali, pamene imene yadutsa 120,000 iyenera kutsika mtengo kwambiri kapena kusiyidwa.

Akatero ajambule khoma loyera kapena thambo lenzi itatsekedwa pa f/16, kenaka akuze chithunzicho. Timadontho takuda tochepa ndi fumbi la pa sensa ndipo limapukutika, koma mzere wowongoka kapena chikanda ndi chifukwa chobwerera. Alowetse khadi m'malo onse awiri, adine batani lililonse, ayese fulashi ya pamwamba, ndipo awalitse tochi m'kati mwa lenzi kuti aone ngati mulibe timizere tonga ukonde wa kangaude. Ndimalangizanso kugula m'sitolo ya makamera imene imalandira ndi kugulitsa zakale, chifukwa ambiri mwa masitolo otere amapereka miyezi ingapo ya chitsimikizo ndi lisiti lokhala ndi nambala ya kamerayo. Za pa msewu zimatchipa, koma zina ndi zobedwa, ndipo lisitilo mudzalifuna pa chipata cha Mwanza kapena cha Dedza powerengetsa msonkho. Msonkhowo muuike m'bajeti kuyambira lero.

Mawu amodzi kwa achimwene a ku Mzuzu pa zodikira miyezi ingapo. Kamera timagula ndi randi kapena dola pamene aphunzitsi akusunga kwacha. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Amene anali kusunga ndalama ya kamera nthawi imeneyo anadzuka mmawa ndalama yawo ikugula lenzi yokha. Sindikunena kuti munthu agule mopupuluma, koma kudikira nako kuli ndi mtengo wake.

Wa ku Nkhata Bay:
Ndingowonjezera pa za ukonde wa kangaude zija. Chimenecho ndi chuku, ndipo kuno kunyanja chinandidyera lenzi yanga yoyamba m'dzinja limodzi, chifukwa ndinkaisunga m'chikwama chotseka pansi pa bedi poganiza kuti ndikuiteteza. Chuku chimakonda mdima ndi chinyontho, ndipo Dedza nayo ili ndi nkhungu yake m'miyezi yozizira. Pezani kontena ya pulasitiki yotseka bwino, ikanimo timapaketi ta silika tija timabwera m'mabokosi a nsapato, ndipo muzitiumitsa kawirikawiri. Kamera imene imatuluka kukagwira ntchito sabata iliyonse sichita chuku msanga ngati yongosungidwa.

Pa fumbi la mu October, kamera ya galasi ili ndi mwayi pang'ono, chifukwa mukachotsa lenzi sensa imakhala kuseri kwa galasi ndi shata, pamene pa a6000, imene ilibe galasi, imakhala pamtetete. Mulimonsemo, musamasinthe lenzi pabwalo pamene anthu akuvina.

Wa mavidiyo ku Mzuzu:
Popeza aphunzitsi anena kuti kanema ali ndi mwini wake, ndikubweza mawu anga ambiri. Ndivomerezenso za batire, chifukwa ndimazidziwa bwino. Sony a6000 imajambula zithunzi pafupifupi 360 pa batire limodzi, pamene D7200 imapitirira 1,100, ndipo chifukwa chake n'chakuti kamera yopanda galasi imayatsa sensa ndi sikirini nthawi yonse imene mukuyang'ana. Ine ndimanyamula mabatire anayi. Ubwino wa Sony ndi woti imatchajidwa ndi chingwe cha USB, moti magetsi akazima ndimagwiritsa ntchito power bank. D7200 payokha siitero, koma pali timatchaja ta USB ta batire lake la EN-EL15, ndipo kwa munthu wopita ku miyambo ya kumudzi kumene kulibe magetsi kameneko n'kofunika kukagula limodzi ndi kamera.

Wa situdiyo ku Limbe:
Pali chinthu china chimene sichinatchulidwe, ndipo kwa ine ndi chimene chimasiyanitsa wojambula ukwati wa kuno ndi wongodina batani. Mkwatibwi wathu amavala diresi loyera mbee, nkhope yake ndi yakuda, mkwati ali mu suti yakuda, ndipo onse aima pa dzuwa la 12 koloko pakhomo pa tchalitchi. Mukaisiya kamera kuti iganize yokha, kawirikawiri imateteza diresi n'kudetsa nkhope, kapena imawalitsa nkhope n'kupsereza diresi mpaka maluwa ake osokedwa osaonekanso. Njira yake ndi kujambula mu RAW, mtundu wa fayilo wosunga zonse zimene sensa yaona, kuyeza kuwala kuti diresi lisapsere, kenaka kukweza mithunzi pa kompyuta. Sensa ya D7200 imapirira kwambiri kukwezedwa kotere popanda kutulutsa mchenga ndi mitundu yachilendo pa khungu, ndipo pa mfundo iyi imaposa ya 2000D. Ndaona nkhope zambiri za anthu athu zitasanduka zotuwa ngati phulusa m'maalubamu, ndipo zimandiwawa, chifukwa khungu lathu likajambulidwa bwino limawala mokongola.

Za fulashi, gulani imene mutu wake umatembenuka, ya Godox kapena Yongnuo ikukwanira, koma ikhale yolembedwa kuti ndi ya Nikon ngati mwasankha Nikon. Mu holo ya siling'i yoyera muilozetse kumwamba kuti kuwala kugwe mofewa. M'matchalitchi athu ambiri a malata opanda siling'i kuwalako sikubwerera bwino, choncho mumaika kakhadi koyera kuseri kwa mutu wa fulashi. Ndipo pitani kwa abusa kapena ansembe mwambo usanayambe kukafunsa ngati amalola fulashi nthawi ya malumbiro. Ambiri salola, ndipo pamenepo ndi pamene lenzi ya f/1.8 ija imabweza ndalama yake.

Ena adzakuuzani kuti wojambula weniweni amagwira kamera ya sensa yaikulu monga Nikon D750 kapena Canon 6D. Ndi makamera abwino mu mdima, ndipo D750 ili ndi makhadi awiri, koma malenzi ake ndi okwera mtengo, ndipo ndalama yanu ikathera pa thupi mudzabwerera pa vuto lomwe lija la mu holo.

Mphunzitsi wa ku Dedza:
Ndathokoza nonse kuchokera pansi pa mtima. Dzulo ndinatsatira langizo la bambo a ku Zomba ndipo ndinapita kukacheza ndi ojambula awiri a pa boma pano. Mmodzi ali ndi Canon, koma winayo, bambo wachikulire amene wavomera kuti ndiziwaperekeza ku maukwati monga wothandizira, ali ndi Nikon D7100, imene batire lake ndi lofanana ndi la D7200. Anandigwiritsa kamera yawo kwa ola lathunthu. Ndi yolemera monga ananenera mayi a ku Lilongwe, koma inakhala bwino m'manja mwanga, ndipo nditayang'ana pa kabowo kake ndinaona bwino kuposa mmene ndinkaganizira.

Ndasankha D7200, ndipo zifukwa zanga ndi makhadi awiri, batire lokhalitsa, ndi mnzanga wapafupi wobwerekana naye zipangizo. Nkhani ya mayi amene anamwalira opanda chithunzi cha ukwati wa mwana wawo yandikhala m'mutu usiku wonse. Ndawatumizira alamu anga zonse zimene analemba achimwene a ku Johannesburg, ndipo ndawauza kuti ngati shata yadutsa 60,000 kapena sitoloyo ikukana kupereka lisiti, asagule. Ndawauzanso kuti atenge thupi lokha pamodzi ndi 35mm f/1.8G, batire lachiwiri, ndi katchaja ka USB. Fulashi idikira malipiro a mwezi wamawa, ndipo lenzi yokoka ndizibwereka kaye.

Chatsala ndi makhadi. Mayi a ku Lilongwe, kodi ndigule aakulu bwanji, ndipo khadi lachinyengo ndingalizindikire bwanji ndisanaliike mu kamera?

Mayi wojambula maukwati ku Lilongwe:
Gulani anayi a 32GB m'malo mwa awiri aakulu kwambiri, achemwali, kuti awiri akhale mu kamera ndipo awiri akhale m'thumba, ndipo alamu anu awagule m'sitolo yomweyo ya makamera. Akafika, lililonse mulidzaze mpaka pakamwa ndi mafayilo a pa kompyuta, kenaka mutsegule oyamba ndi omaliza omwe, chifukwa khadi lachinyengo limanama kukula kwake ndipo limayamba kuwononga zinthu likadutsa pamene pali malire ake enieni. Mukakhutira, mulifufute ndi kamera yomweyo, osati ndi kompyuta. Ndili ndi chinkhoswe ku Linthipe kumapeto kwa mwezi uno, ndipo ngati kamera idzakhale itafika, bwerani nayo mudzajambule pambali panga kuyambira pamene akuchimuna akufika.